Madzi Onanda a Bambo Kamtedza

Zaka zanga sindinaziwerenge, ndinangoziyenda. Ndikati ndikumbukire, midzi imalowana. Mtengo wa mudzi wina umakaima pabwalo la mudzi wina, msika wa tauni ina umanunkha ngati wa tauni inanso. Anthu okha ndiwo sasokonekera, makamaka munthu mmodzi.

Ndinali nditakula kale, sukulu nditamaliza, ntchito ndilibe, pamene lole ya okumba mijigo inaima m'mudzi mwathu. Ankafuna munthu wodziwa kulemba ndi kuyankhula Chingerezi. Ndinakwera osatsanzika mokwanira.

Ntchito yathu inali kuboola pansi kufunafuna madzi. Pambali pa makina tinkakumba dzenje, ndipo madzi a m'dzenjemo ankatsikira m'chiboo n'kubwerera kumtunda atanyamula dothi. Madzi wamba sanyamula dothi. Amafunika onanda ngati therere. Amene ankawananditsa anali bambo Lufeyo Kamtedza, munthu wamfupi, wa imvi m'mbali mwa mutu, wosadziwa kulemba kupatula dzina lake. Ankathira m'madzimo ufa woyera wa m'matumba umene tinkautcha polima.

Tsiku loyamba ndinafuna kuwathandiza. Ndinakhuthula theka la thumba nthawi imodzi. Ufa unaundana mibulu, kunja yoterera, m'kati youma gwa. A Kamtedza sanakalipe.

"Mphwanga," anatero, "ufa uwu sufuna phuma. Uziwaza ngati ukufesa mawere, madzi akuyenda."

Kenaka anaviika chala chachikulu ndi chamkombaphala m'dzenjemo, n'kuzilekanitsa pang'onopang'ono. Pakati pa zalazo panatamuka kaulusi kowala.

"Kaulusi aka kakaduka msanga, ndiye kuti madzi afa. Usawatumize pansi, sakagwira ntchito."

Tinayenda midzi yambiri. Kulikonse tinkafika fumbi likuuluka, amayi ataima patali ndi ndowa zopanda kanthu, ndipo tinkachoka mjigo ukulira. Ine ndinkalemba kuya kwa chiboo m'kabuku, iwo ankayesa madzi ndi zala. Tinkadyera mbale imodzi.

M'mudzi wina wa m'dambo madzi anali owawa, osachita thovu ngakhale ndi sopo. Polima anakana. Tinathira thumba lathunthu koma kaulusi kankangoduka. Kapitawo anayamba kutukwana. A Kamtedza anapita kwa amayi a m'mudzimo n'kupempha phulusa la zitsononkho, anatcheza chidulo monga amachitira ophika therere, n'kuthira m'migolo ya madzi. Madzi anachita mbuu ngati mkaka. Anawasiya mpaka dzuwa linapendeka, zoyerazo zitatsikira pansi, ndipo anatunga apamwamba okhaokha. Atawaza ufa m'madzi amenewo, kaulusi kanatamuka kutalika ngati dzanja. Ine ndinaona mbali yoyamba ndi yomaliza. Pakati ponsepo ndinali pansi pa lole, ndikulemba.

Makina aja anadzafa pamudzi wina wa m'phiri ndipo sanadzukenso. Gulu linamwazikana. Tinamva kuti kutali, kudutsa malire angapo, kunali zitsime za mafuta zimene zinkafuna anthu odziwa kusakaniza madzi. Tinalemba maina athu anthu asanu ndi mmodzi.

Tinadzera kumudzi kumene a Kamtedza anakwatira, kuti akatsanzike. Akazi awo, a Nangondo, anatiperekeza mpaka pamphambano. Mwana wawo Lonesi, namwali wamkulu ndithu, ananyamula chikwama cha bambo ake pamutu ndipo sanafune kuchitula.

"Ababa, mubwera liti?"

"Chimanga chikacha kawiri ndili pano," anayankha.

A Nangondo anayang'ana ine. "Inu odziwa Chizungu, muziwayankhulira anzanuwa. Paokha angogulitsidwa."

Ndinaseka, ndinati asadandaule.

Dziko la mafuta linali lathyathyathya, lopanda mitengo. Paliponse panali zitsulo zazikulu zogwedeza mitu ngati atambala ojompha chimanga, usana wonse osatopa. Mphepo inkanunkha phula. Amene ankayang'anira ntchito ya madzi anali injiniya wamkazi, mayi wamtali wosaseka kawirikawiri, koma wachilungamo. Anatisonkhanitsa pamthunzi wa thanki, iye akuyankhula, ine ndikumasulira anzanga.

Anati zitsimezo zinali zokalamba. Mafuta analipo ambiri pansi, atakanirira m'timabowo ta mwala, koma mphamvu yokwerera okha inali itatha. Choncho ankapopera madzi m'chitsime chimodzi kuti akakankhe mafuta atulukire m'chitsime china. Vuto linali lakuti madzi wamba amathamanga, amapeza kanjira kamodzi kofewa n'kudutsa, mafuta n'kuwasiya m'mbali. Madzi onanda amayenda pang'onopang'ono, motambasuka, ndipo amasesa zonse zili patsogolo pawo.

"Ndiye ntchito yathu yomwe ija," anatero a Kamtedza. "Kungoti dzenje lakula."

Koma kumeneko polima ankafa. Madzi a dzikolo anali amchere, ndipo pansi panali potentha. Zosakaniza zinkachoka m'thanki zili zonanda bwino, zikafika pakamwa pa chitsime zili tsalala ngati madzi akumwa. M'kanyumba ka mabotolo anthu ovala zoyera ankayesa mankhwala owonjezera a maina ataliatali, koma palibe chinkathandiza mokwanira. Tinamva kuti akuluakulu a kampani anapereka nthawi: zikapanda kusintha, atseka ntchito ya madzi ndipo tonse tibwerera.

A Kamtedza anakhala masiku angapo akuyenda m'mbali mwa mapaipi, akutunga madzi apa ndi apo, akuwayesa ndi zala. Tsiku lina anandikoka malaya.

"Tiye ukandiyankhulire kwa amayi aja. Zinthu zilipo ziwiri. Choyamba, madzi akadutsa m'paipi ya dzimbiri ija amafa msanga. Aisinthe, ndipo thanki aivundikire, mphepo isamalowe. Chachiwiri, madzi ano ndi aja a m'dambo. Akufuna chidulo. Kuno phulusa kulibe, koma soda ndaona ali m'nkhokwe. Athire soda kaye, madzi adikhe, nsenga zoyera zitsike, atunge apamwamba. Polima azibwera pambuyo. Wamva? Adikhe."

Tinapita ku ofesi. Iwo anaima pakhomo, chipewa chili m'manja, nsapato zili matope. Ine ndinalowa. Ndinafotokoza za dzimbiri, za chivundikiro, za soda. Mayi uja anasiya kulemba n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Waganiza zimenezi ndani?" anafunsa.

Yankho linali la mawu amodzi. Ndikanatha kuloza pakhomo. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ine."

Titatuluka a Kamtedza anandifunsa, "Wawauza?"

"Ndawauza."

"Zodikha zija wanena?"

"Zonse ndanena," ndinatero. Koma zodikhazo ndinali nditazidumpha, chifukwa sindinkadziwa kuti ndiye mutu wa nkhani.

Anthu ovala zoyera aja anayesa m'mabotolo. M'botolo madzi amadikha okha, ndipo oyesawo ankatunga pamwamba osaganizirapo. Zotsatira zinali zabwino kwambiri. Anandipatsa chipewa choyera ndi mpando m'kanyumba kozizira. Anzanga anayamba kunditcha bwana moseka, kenaka osaseka. A Kamtedza anasangalala, ankaganiza kuti andikweza chifukwa cha Chingerezi.

Pokonzekera kupopera m'chitsime chenicheni, mayi uja anandiitana. Ananyamula botolo n'kundionetsa zoyera zimene zinali pansi pake.

"Izi zikundidetsa nkhawa," anatero. "Zikalowa m'mwala zitseka. Kumanga thanki yodikhitsira kutenga nthawi imene tilibe. Kwanu munkatani nazo?"

A Kamtedza anali panja, ndinkawaona pawindo akunyamula thumba. Kuwaitana kukanakhala kuvomera kuti nzeruyo sinali yanga. Ndinati kwathu tinachita zimenezi pa zitsime zambiri, nsengazo n'zochepa, sefa imagwira zonse. Sindinanene kuti zitsime zathu zinali za madzi akumwa, zosaya, ndiponso kuti ine ndinkakhala pansi pa lole.

Tsiku loyamba kupopa, a Kamtedza anabwera akuthamanga.

"Mphwanga, madzi akupita ali mbuu! Thanki yodikhitsira ili kuti?"

"Akuti sefa ikwanira."

"Sikwanira. Pita ukawauze."

Ndinapita mpaka kuseri kwa ofesi, ndinaima pang'ono, n'kubwerera. Ndinati akana.

Poyamba mafuta anakwera. Chitsime chimene chinkangotulutsa madzi akuda chinayamba kutulutsa mafuta enieni. Anapha mbuzi, anandijambula chithunzi nditaima pafupi ndi mayi uja. Kenaka kasingano koonetsa mphamvu yokankhira madzi pansi kanayamba kukwera tsiku ndi tsiku. Chitsime chopoperamo madzi chija chinayamba kukana kumwa. Potsiriza chinatsekeratu. Atazula mapaipi anapeza m'kati mwake mwayera, mwauma ngati m'ketulo yakale.

Anabwera amuna awiri ochokera kulikulu. Anakhala patebulo lalitali pamodzi ndi mayi uja, n'kufunsa amene ankayang'anira thanki yosakanizira ndi sefa. Anali a Kamtedza. Anawaitana, ndipo ine anandiimika pambali pawo kuti ndimasulire.

A Kamtedza anayankhula modekha. Anayambira kumudzi wa m'dambo uja. Ananena za chidulo, za nsenga, za tsiku limene anaima pakhomo la ofesi. Anati anachenjeza kawiri, ndipo kawiri konseko anatuma mphwawo amene waima apayu, munthu wokhulupirika, angathe kuchitira umboni. Sanandinenere choipa chilichonse. Ankaganizabe kuti tili mbali imodzi.

Atamaliza, onse anayang'ana ine.

Ndinati, "Akuti apepese. Akuti masiku ena ankaiwala kutsuka sefa."

Amuna aja analemba. Mayi uja anagwetsa nkhope. A Kamtedza anayang'ana nkhope zawo mmodzimmodzi, kenaka anayang'ana ine. Chingerezi sankachimva, koma nkhope ankazimva.

Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. Chiphaso chawo chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira ku ntchitoyo, ndiye anayenera kutuluka. Ndinawapeza pageti, chikwama chija chili paphewa. Dzuwa linali paliwombo.

"Mphwanga," anatero, "ine ndinayankhula nthawi yaitali. Iwe unayankhula pang'ono."

Anatuluka. Ndinawayang'ana akuchepa mumsewu wowongokawo mpaka anasanduka kadontho pakati pa zitsulo zogwedeza mitu.

Thanki yodikhitsira inamangidwa pambuyo pake, ndipo ndine ndinanena kuti imangidwe. Chitsime chachiwiri chinayenda bwino zaka zambiri. Dzina langa linayamba kuyenda patsogolo panga.

Ndinapita kumunda wina wa mafuta, wa m'chipululu, kumene mchenga unkalowa mpaka m'mano. Kumeneko ndinaphunzira za mankhwala amene amadya mpweya wa m'madzi kuti polima asafe. Mkulu wa pamalopo anandifunsa kumene ndinaphunzira za soda. Ndinati kusukulu.

Ndinapita kwina, kwa zithaphwi ndi udzudzu, kumene mapaipi ankayenda pamwamba pa mizati. Ndinaphunzira kuwonjezera mankhwala onga sopo amene amamasula mafuta kumwala. Anandifunsa funso lomwelo. Ndinati ndinangoganiza ndekha.

Ndinapita kwinanso, kozizira, kumene mpweya wa m'kamwa unkaoneka. Kumeneko ankathira fumbi la mchenga losalala kuposa ufa, loti madzi onanda apirire kutentha kwa pansi. Anandifunsanso. Ndinati munthu wina anandionetsa. Atafunsa dzina lake ndinati ndaiwala.

Malo onsewa anali ndi geti, ndipo pageti lililonse ndinkaona munthu wamfupi wa imvi m'mbali, chikwama chili paphewa. Ndikayandikira ankakhala mlonda, kapena woyendetsa lole, kapena mthunzi wa chipilala. Ndinayamba kulowera kugeti lakumbuyo. Kulikonse ndinkaumirira kuti madzi adikhe nthawi yaitali kuposa yofunikira, ndipo ankandiyamikira kuti ndine wosamala. Akandiyamikira ndinkalephera kudya.

M'tauni ina ya padoko ndinakhala ndi mkazi wa kwathu, wosoka zovala, dzina lake Edesi. Anali woleza mtima. Tinakhala mvula ziwiri. Tsiku lina akusita nsalu anandiuza osandiyang'ana, "Inu mukamayankhula nane zimakhala ngati mukumasulira mawu a munthu wina. Mwini wake ali kuti?" Posakhalitsa anapita kwa mchemwali wake, ndipo sindinamutsatire.

Chimene chinandibweza chinali tebulo lina lalitali. Pamunda wina wa mafuta pampu inapsa, ndipo anaitana bambo wina wachikulire wa kwathu kuno, woyeretsa mathanki, kuti afotokoze. Womasulira panalibe, anapempha ine. Bamboyo anavula chipewa n'kuyamba kuyankhula modekha. Ndinamasulira liwu lililonse, ngakhale kutsokomola kwake ndinatsala pang'ono kumasulira. Anamupeza wosalakwa. Potuluka anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mulungu akudalitseni, bwana. Anthu ngati inu ndi ochepa."

Ndinathamangira kuseri kwa thanki n'kusanza. M'mawa mwake ndinasiya chipewa choyera patebulo ndipo ndinayamba ulendo wobwerera.

Mudzi wa a Nangondo ndinaupeza movutikira. Mphambano ija inali itasanduka kamsika. Ndinafunsa za a Kamtedza, ndipo mayi wina wogulitsa tomato anandilozera ndi milomo. "Pitani kwa Lonesi. Mdalayo amakhala kuseri."

Lonesi anali mayi tsopano, mwana kumsana, akupeta mphale pakhonde. Sanandizindikire. Nditatchula bambo ake, nkhope yake inauma.

"Ali uko," anatero, n'kupitiriza kupeta.

Kuseri kwa khola la mbuzi kunali kanyumba kaudzu. A Kamtedza anali atakhala pamwala, akuluka dengu. Mutu wonse unali utayera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Wanenepa, mphwanga."

Ndinakhala pansi, padothi. Sindinawafunse, anayamba okha kufotokoza, maso ali padengu. Atatuluka pageti lija analibe mapepala. Anawagwira pamalire oyamba, anakhala m'ndende miyezi imene sanaiwerenge. Atatuluka analima m'minda ya anthu, anasenza katundu m'misika, akusendera kwawo pang'onopang'ono. Anafika patatha mvula zisanu. Anapeza a Nangondo atamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo, atadwala nthawi yaitali, akufunsa za iwo.

Anzathu ena a gulu lija anali atafika kale ndi nkhani imene anamva kuofesi: kuti a Kamtedza anaononga chitsime chifukwa cha ulesi. Nkhaniyo poyenda inakula, inasanduka ya mowa, kenaka ya mkazi wina. Abale a a Nangondo anafuna kuwapirikitsa, popeza anali mkamwini chabe. Lonesi anawapatsa kanyumbako, koma chakudya ankatumiza ndi mwana. Kumanda sanawalole kupita.

"Simunawafotokozere?" ndinafunsa.

"Ndinafotokoza kamodzi, patebulo paja. Unaona mmene zinathera. Munthu wopanda mboni akamalankhula kwambiri amangooneka wabodza."

Pamenepo ndinanena zonse. Ndinayambira pa "ine" wa mu ofesi muja, ndinanena za botolo, za kuima kuseri kwa ofesi, za sefa. Ndinkayembekeza kuti andimenya ndi nsungwi imene inali m'manja mwawo, ndipo ndikanakonda atatero. Anangomvetsera.

"Zimenezi ndinazidziwa ndili pageti," anatero. "Ukuuza munthu wolakwika." Anakweza mawu pang'ono. "Lonesi! Tabwera, mwanawe. Mlendoyu ali ndi mawu."

Anabwera monyinyirika, lichero lili m'manja, n'kuima chapatali. Ndinanenanso zonse, kachiwiri, ndili chogwada. Kachiwiriko kanali kovuta kuposa koyamba, chifukwa Lonesi ankandidula.

"Ndiye kuti sanamwe mowa?"

"Sanamwepo."

"Mkazi uja?"

"Kunalibe mkazi."

"Inu munkadziwa kumudzi kuno. Munafikapo, ndakukumbukirani tsopano. Zaka zonsezi simukanalemba ngakhale kalata?"

Ndinayang'ana pansi, pamene nyerere zinkakoka njere ya mphale.

Mwana kumsana anayamba kulira, Lonesi osamugwedeza. Kenaka anaika lichero pansi, anadutsa pambali panga ngati palibe munthu, n'kukagwada patsogolo pa bambo ake.

"Ababa," anatero, "mawa ndikauza amalume ndi adzukulu. Tipite kumsitu, ndikakuonetseni pamene anagona amayi."

A Kamtedza anayesa kupitiriza kuluka, koma zala zinakana. Dengu linagwa n'kugubuduka.

Palibe anandiuza kuti ndikhale, palibenso anandiuza kuti ndichoke. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi m'mawondo, n'kudutsa pakati pa khola ndi nkhokwe. Nditafika panjira ndinamva kumbuyo kwanga mwamuna wokalamba akulira mokweza, kulira kwa maliro, akutchula dzina la mkazi wake. Amayi a nyumba zoyandikana anayamba kutuluka, akumanga zitenje, akuthamangira komweko. Ndinawapatukira kuti adutse. Maliro amenewo sanali oti ine ndikhalepo.